Mchenga Wakuda ndi Dayinamo Yakufa

Mwezi wa Okutobala, chaka cha 1997, Delia anabwera pansi pa mtengo wa bwemba pamene ndinkakonzera njinga, nati akufuna dayinamo yakufa.

"Yakufa?"

"Yakufa, atate. Yamoyo ndilibe nayo ntchito."

Ndinali nazo zinayi m'chitini cha zotsalira. Dayinamo ndi kabotolo kachitsulo kaja kamatsamira tayala kuti nyale ya njinga iyake. Ikafa anthu amataya, ine ndimasunga. Ndinatsegula imodzi ndi pulayala n'kutulutsa maginito ake. Delia anawaponya m'thumba la siketi, natenga chitini chopanda kanthu, n'kutsikira kumtsinje wouma kuseri kwa mudzi, dzuwa lili pamutu.

Delia ndi mwana wanga mmodzi yekha. Amayi ake, Edith, anamwalira mu 1991 iye ali ku sekondale. Anapitiriza, anakamaliza sayansi ku yunivesite ku Lusaka, kenaka anabwerera ku Nsefu n'kuyamba kuphunzitsa pasukulu ya pafupi ndi kwathu. Anthu ankadabwa. Munthu wa digiri kubwerera kudzalimbana ndi njovu m'munda wa chimanga? Iye ankangoseka. Inenso sindinafunse. Ndinkakondwa kumva mapazi m'nyumba.

Pamene ankabwerako kumtsinje, anapeza Gideon atafika. Gideon ndi mchimwene wake wa Edith, mwini mbumba, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Njinga yake inali yosachoka pansi pa bwemba, chifukwa ankaisenzetsa mabelo a thonje ngati ndi ngolo.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera, koma masipoko faivi sanaswere. Atate ako amandiikira a udzu kuti ndizibwera tsiku lililonse. Amandisowa, kungoti pakamwa n'pomata."

Ndinapitiriza kumanga sipoko.

"Nanga m'chitinimo? Wayamba kugulitsa fodya wa m'mphuno?"

Munali mchenga wakuda, wosalala ngati ufa. Mtsinje ukauma umasiya timizere takuda pamchenga woyera, ndipo Delia anali atakokamo maginito aja mpaka chitini kufika pakati. Anati mchengawo uli ndi chitsulo. Anafuna kuyesa kaye asanakaonetse ana a sukulu. Anaika maginito pabenchi langa, pamwamba pake anaikapo katoni yoyera, n'kuwaza mchenga pang'onopang'ono. Kenaka anagogoda katoniyo ndi chala.

Mchenga unadzuka. Sindikudziwa mawu ena. Unadzikonza wokha m'mizere yopindika, yochokera kumutu umodzi wa maginito kupita kwina, mzere mkati mwa mzere, yoongoka bwino kuposa mizere ya m'munda wa munthu aliyense ku Nsefu. Ndagwira maginito zaka makumi atatu, kutolera timipira ta belingi tikagwa m'fumbi. Sindinkadziwa kuti ali ndi zimenezi mozungulira.

Gideon anabwerera m'mbuyo. "Alamu, mwana munamutumiza ku sukulu kapena kwa sing'anga?"

"Mizereyi inalipo kale, amalume," anatero Delia. "Mchenga wangoionetsa. Mukayang'ana pamlalang'amba nthawi yachisanu, mumaona malo akuda aja, ngati munthu wathirapo inki?"

"Ndimaona. Ndi pamene Mulungu nyenyezi zinamuthera."

"Sizinathe. Pamenepo pali mitambo, koma si ya mvula. Ndi ya mpweya ndi fumbi, yozizira kwambiri, yaikulu mwakuti kuwala kumatenga zaka kuti kuchoke mbali ino kufika mbali inayo. Imabisa nyenyezi za kuseri kwake. Ndipo nyenyezi zatsopano zimabadwira mmenemo."

"Kubadwa! Azamba ake ndani?"

"Awa." Analoza mizere ya pakatoni.

Anafotokoza atagwada m'fumbi, siketi ya kuntchito ikuda. Mtambo wotere ndi wolemera, anatero, ndipo kulemera kwake kumaukokera pakati pake. Ukaunjikana mokwanira pakatipo pamatentha, pamayaka, ndiyo nyenyezi. Koma mumtambomo mumadutsa mizere ya maginito ngati imeneyi, ngati ulusi wosaoneka. Gawo laling'ono la mpweyawo limamatirira ku ulusi ngati mikanda. Limatha kuyenda motsata ulusi, koma kuudumpha ayi. Ndiye mpweya wina wonse, pofuna kugwera pakati, umayenera kupanikizana ndi mikandayo.

"Mpanda wanu wa nsomba uja, amalume. Madzi amadutsa kapena sadutsa?"

"Amadutsa, koma monyinyirika."

"Basi. Kumwamba kunyinyirikako kumatenga zaka mamiliyoni."

"Ndiye kumwambako kulinso a Silas," anatero Gideon, akundiloza ndi mlomo. "Zaka sikisi tikuwapempha chinthu chimodzi."

Chinthu chimodzicho chinali kusudzula. Ine kwathu ndi kumtunda, ku Chiparamba. Ku Nsefu ndinabwera kudzakwatira, ndipo nyumba ndi munda zinali za mbumba ya Edith. Mkazi akamwalira, pakapita chaka, akuchikazi amamasula mkamwini. Amamuthira ufa pamutu, amamumanga mkanda woyera padzanja, amamubwezera khasu ndi nkhwangwa, ndipo amabwerera kwawo ali mfulu. Chaka chitatha anandiitana. Ndinakana. Chaka chinacho ndinakananso. Sindinapereke chifukwa. Manda a Edith anali kuseri kwa tchalitchi, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndinkasesapo.

Anandisiya chifukwa cha Delia. Mwana wa mwini nyumba akakhala m'nyumbamo, atate ake palibe angawakankhe.

"Tsiku limene uyu adzachoke," Gideon anapitiriza, akupukusa tayala kuti aone ngati laongoka, "kaya ndi banja kaya ndi ntchito, ufa tidzakuthirani muli mtulo. Mwana wa Lillian, mng'ono wa Edith, wakwatiwa, alibe polima. Nyumba ya mlongo wanga singakhale ya mkamwini yekha ndi abuluzi."

Ankanena moseka, monga ankachitira chaka chilichonse. Delia sanaseke. Anapendeketsa katoni, mchenga unabwerera m'chitini.

"Sindikupita kulikonse, amalume," anatero.

Panapita milungu itatu.

Delia ankandipatsa mapepala akale a kusukulu kuti ndizimangira timipira ta belingi ndi zigamba za chubu. Tsiku lina Lachinayi, ndikufuna pomangira mabelingi a munthu wa ku Kakumbi, ndinasolola pepala pamulu uja. Linali lochindikala, loyera kwambiri, lokhala ndi chidindo pamwamba. Pepala lotere silichokera kusukulu ya kwathu. Ndinamumangira munthuyo papepala lina.

Chingerezi changa ndi cha Sitandade Sikisi. Ndinawerenga katatu, chala chili pamzere. Kalatayo inachokera ku yunivesite ina ya ku Mangalande. Mphunzitsi wina wa kumeneko, mzimayi, amene ntchito yake inali kufufuza za mitambo ija, anali atawerenga zimene Delia analemba pomaliza maphunziro ku Lusaka. Anamupatsa malo a zaka zitatu. Ulendo ndi chakudya zinali kwa iwo. Iyi inali kalata yachiwiri. Yoyamba, anatero, sinayankhidwe. Akapanda kumva kanthu pofika pa 30 Novembala, malowo apereka kwa wina.

Tsikulo linali la 6 Novembala.

Delia ndinamupeza pakhonde masana, pa fotini awazi, akuchonga makope. Ndinaika pepalalo pamwamba pa kope.

"Ichi n'chiyani?"

Anayang'ana kamodzi. "Pepala lomangira mabelingi."

"Delia."

"Munamva nokha zimene ananena amalume."

"Imeneyo ndi nkhani yanga."

"Ku Chiparamba munachokako ine ndisanabadwe. Mukapita kukakhala ndi ndani kumeneko? Pamanda a amayi azisesa ndani?"

"Yankha kalata."

"Sindiyankha."

"Yankha."

Anaika bolopeni pansi. "Atate, inu mwakana zaka sikisi. Ine ndakana miyezi itatu yokha, mwatopa kale?"

Ndinatenga pepalalo, ndinalipinda, ndinaliika m'Baibulo la Edith.

Sitinaikambenso nkhaniyo. Tinkadya, tinkapatsana moni, aliyense ankapita kuntchito yake. Mvula yoyamba inagwa pa 10, fumbi linagona, anthu anayamba kuthamangira kuminda. Ine ndinkawerenga masiku.

Loweruka lotsatira, nditabwerako kosesa, ndinamufunsa chinthu chimene chinkandivuta kuyambira tsiku la katoni lija.

"Pabenchi unawaza mchenga. Kumwamba anawaza ndani?"

Anandiyang'ana mokayika, kuona ngati ndi msampha. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lofotokopedwa, lotha m'mbali chifukwa cha kugwiragwira. Panali chithunzi cha chinthu chakuda chooneka ngati chiswe chaumba pakhoma. Pamwamba pake panali timizere tatifupi, mazana, tonse topendekera mbali imodzi ngati udzu madzi osefukira akadutsa.

"Mchenga ulipo kale kumeneko," anatero. "Ndi fumbi lija. Timbewu take si tobulungira, n'totalikirapo ngati mpunga, koma tating'ono kwambiri moti diso silingaone. Timazungulira, ndipo ulusi wa maginito umatigoneka tonse mofanana. Tsono kuwala kwa nyenyezi ya kuseri kukamadutsa pakati pa timbewu togona mofanana, kumatuluka kopesedwa, ngati tsitsi. Pansi pano pali makina oona mbali imene kwapesedwera. Nyenyezi imodzi, kamzere kamodzi. Mukayeza nyenyezi zambiri, ulusi uja waonekera."

"Kamzere kalikonse munthu anayeza?"

"Kalikonse."

Ndinagwira pepalalo ndi manja awiri. Munthu ali pansi pano, wovala nsapato ngati ine, n'kudziwa mmene fumbi lagonera kumalo kumene kuwala kumayenda zaka mazana kuti kutipeze. Ndinaganiza za kudekha kwake. Ine tayala limodzi lili ndi masipoko sate-sikisi, ndipo anthu amanditama kuti ndine wodekha.

Delia analankhula mpaka nyemba zinapserera pamoto. Manja ake sankakhala pansi. Anatenga tayala lopanda chubu n'kulizungulitsa, kundionetsa kuti mtambo ukamachepa umazungulira mothamanga. Anajambula pansi ndi sipoko. Chingerezi chikamuthawira m'kamwa ankaima, n'kufunafuna mawu athu mpaka awapeze. Nkhope imeneyo ndinali nditaionapo. Edith ankakhala choncho akamaphunzitsa kwaya nyimbo yatsopano. Chibwerereni ku Lusaka, Delia ndinali ndisanamuone choncho.

"Ndiye ulusiwo ndi mdani wa nyenyezi," ndinatero.

"Iyayi, atate. Popanda ulusi mtambo ukanazungulira ngati kamvuluvulu n'kudzimwaza wokha. Ulusi umagwira mabuleki. Umasonkhanitsanso mpweya, kuutsogolera njira imodzi. Popanda iwo zinthu sizikanayenda bwino."

"Nanga ukagwira osalekerera?"

"Mtambo umangokhala mtambo. Wakuda, wozizira. Mpaka china chake chidzaubalalitse."

Ananena mosaganizira china. Anali kale pamfundo yotsatira. Chimene anthu sakudziwa, anatero, ndi mphamvu ya ulusiwo mkati mwenimweni, pamene nyenyezi ikuyambira. Kumeneko kuwala kwa kuseri sikudutsa. Ena amati ulusi ndiwo umalamula, ena amati ndi kuwinduka kwa mpweya. Koma kunali makina atsopano pamwamba pa phiri lina kutsidya kwa nyanja, otha kumva kutentha pang'ono kochokera ku fumbi lenilenilo. Mphunzitsi uja ankafuna munthu wokayeza nawo.

"Akayeze ndani?"

Anapinda pepala lake. "Wina adzapita. Nyemba zapserera."

Lolemba m'mawa sindinatsegule bokosi la zipangizo. Ndinapita kumunda kwa Gideon. Ndinamupeza akubzala thonje ndi chingwe, matope mpaka m'mawondo.

"Alamu! Mwabwera kudzandithandiza kapena kudzaona mmene amuna amagwirira ntchito?"

"Mundisudzule."

Anaweramuka. "Mwati bwanji?"

"Loweruka lino."

Ndinamupatsa kalata ija. Iye Chingerezi amachidziwa kuposa ine, anagwirapo ntchito kumalo ogona alendo ku Mfuwe. Anapukuta manja pamalaya n'kuwerenga, milomo ikuyenda.

"Kamwana aka," anatero. "Kamwana aka! Kunditengera ine mpanda wa nsomba, kumachita ngati nkhani yocheza, chikhalirecho azungu akukalira." Anakhala pansi pachulu. "Alamu, zija ndimanena ndi pakamwa chabe. Mwana wa Lillian timupezera pena. Khalani. Ndimuuza ndekha Delia kuti palibe akuthamangitseni. Apite, inu mukhale."

"Ndikakhala, akhala."

"Ndimuuza ine, malume wake."

"Adzati aziphika ndani. Ndikadwala aziona ndani. Njovu zikalowa m'munda. Sadzasowa chonena. Ku Chiparamba kuli mlongo wanga Ennie, kuli ana ake. Kumeneko alibe chonena."

Aka kanali koyamba kuti Gideon amve mawu ochuluka chotere kuchokera kwa ine. Anandiwerenga ndi maso ngati ndadwala.

"Nanga Edith?"

"Muzisesa inu."

"Ine tsache sindiligwira."

"Muphunzira."

Anatola dothi n'kuliphwanya m'manja. "Nanga njinga yanga azikonza ndani?"

"Muzisenza belo imodzi."

Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali.

Delia anamva Lachitatu, kwa Lillian, mng'ono wa amayi ake, amene anamupeza akusinja ufa woti adzandithire. Anabwera pansi pa bwemba akuthamanga, choko chili m'manja. Panali anthu awiri odikira njinga zawo. Sanawaone n'komwe.

"Mwachita chiyani?"

"Ndapempha."

"Osandifunsa?"

"Iwe unandifunsa?"

"Ndikapanda kupitabe? Mudzakhala mutataya nyumba pachabe!"

"Udzakhala wekha ndi abuluzi."

Mmodzi wa odikira aja anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Delia anaponya choko pansi n'kuchoka. Masiku atatu sanandilankhule. Chakudya ankaika patebulo n'kuvundikira, iye n'kukadyera kwa Lillian. Ndinkadziwa kuti mwina ndalakwa. Akanatha kukanabe, chifukwa kuuma mutu kumeneko anatengera ine. Ndikanataya manda, munda ndi mtengo wa bwemba, iye n'kutaya malo ake chimodzimodzi. Ndinkamanga masipoko osawaona.

Loweruka, pa 22, ndinasesa pamanda dzuwa likutuluka. Ndinazula udzu umene mvula inameretsa. Ndinamuuza Edith nkhani yonse mwachidule. Tsache ndinalitsamiritsa pamtengo, poonekera, kuti Gideon asadzanene kuti sanalipeze.

Pa naini awazi mbumba inasonkhana pabwalo la nyumba. Anandikhazika pamphasa. Lillian anatapa ufa m'lichero n'kundithira pamutu, wambiri kuposa mmene zimafunikira, mpaka unalowa m'makutu.

"Wa zaka sikisi uwu," anatero. "Tisawonongenso wina."

Anandimanga mkanda woyera padzanja lamanja. Gideon anabwera ndi khasu ndi nkhwangwa zimene ndinafika nazo mu 1970. Mipini inali itasinthidwa kangapo, koma zitsulo zinali zomwezo. Anaziika patsogolo panga.

"A Silas," anatero. Sanati alamu. "Munabwera ndi izi. Mlongo wathu munamusunga, munamuika, mwamulira mopitirira. Ife tilibe nanu mlandu. Njira yanu ndi yoyera." Anakhosomola. "Ufa uwu, Lillian, wandilowa pakhosi. Unasinja ndi tsabola?"

Delia anaima patali, pafupi ndi nkhokwe, manja atapinda pachifuwa. Sanayandikire.

Anthu atabalalika ndinapita pansi pa bwemba, ufa udakali m'tsitsi. Ndinapukuta benchi. Ndinaikapo kalata ija, pepala loyera ndi bolopeni, n'kutsendereza ndi maginito kuti mphepo isaulutse. Kenaka ndinayamba kulongedza zipangizo m'bokosi, chimodzichimodzi.

Ndinali nditafika pa masipanala pamene ndinamva mapazi. Sindinatembenuke. Benchi linalira. Kenaka ndinamva bolopeni ikuyenda.

"Mukuoneka ngati mandasi osakazinga," anatero Delia, osadzutsa mutu.

"Lemba."

"Ndikulemba. Musandilamule, si inu mkamwini wa pano."

Positi sikanafika m'masiku asanu ndi atatu. Delia anati ku Mfuwe kuli ofesi ina ya makina otumiza pepala pa waya wa foni. Lolemba ndinamukweza pakaliyala, monga ndinkachitira ali Giredi Wanu. Msewu unali matope. Kawiri tinatsika n'kukankha. Pena tinadikira theka la ola kuti njovu zinayi zimalize kudutsa, ndipo sizinafulumire.

Makinawo anameza pepala n'kulilavula mbali ina. Ndinafunsa mtsikana wa mu ofesiyo ngati lakanidwa. Anati lapita kale, ili ndi lotsala nalo. Sindinakhulupirire mpaka Lachinayi, pamene yankho linabwera pa makina omwewo, mizere itatu yokha. Mphunzitsi uja anati anali atatsala pang'ono kutaya mtima.

Pobwerera tsiku Lolemba lija tinawoloka mlatho. Kenaka ndinamva chipumi cha Delia chikutsamira pamsana panga.

"Mudzadya chiyani kwa azakhali a Ennie? Amathira mchere ngati akukwirira munthu."

"Ndidzazolowera."

"Simuzolowera kanthu inu."

Ananyamuka mu Januwale. Ine ndinakwera kumtunda mlungu womwewo, bokosi pakaliyala, khasu ndi nkhwangwa zomangirira pafelemu. Ku Chiparamba kulibe bwemba pamseu. Ndinapeza mtengo wa mango. Njinga za kuno zimafa mofanana ndi za kuchigwa. Mchere wa Ennie sindinauzolowere.

Makalata ankabwera mwezi uliwonse. Ankadandaula za kuzizira, za dzuwa lolowa pa sikisitini awazi, za masamu amene anamuliza kawiri. Mu Julayi 1999 inabwera envulopu yaikulu. Munali chithunzi cha mtambo, chokhala ndi timizere tatifupi pamwamba. Pansi pake panali mayina atatu, ndipo loyamba linali lake.

Anali atakwera phiri lija. Analemba kuti pamwamba pake mpweya ndi wochepa moti munthu amaiwala nambala ya foni yake, ndipo mwa masiku asanu amene anapatsidwa, atatu anadyedwa ndi nkhungu. Timizere makumi anayi ndi tiwiri, anatero, ndipo kalikonse anakayeza ndi kukabwereza. Ndinawerenga ndi chala. Tinalidi makumi anayi ndi tiwiri.

Sitinagone mbali imodzi ngati pachithunzi chakale chija. M'mbali tinali toongoka, koma pakati tinapindikira mkati, uku ndi uku, ngati chiuno cha mtondo. Pachiuno penipenipo panali kadontho kowala.

"Mphunzitsi wanga akuti tisafulumire kukondwa, tiyezenso chaka chamawa," analemba. "Koma ngati n'zoona, mpweya pogwera pakati sunausiye ulusi wonse m'mbuyo. Waukoka, ulusi wapindika n'kutsatira. Kadonthoko ndi nyenyezi imene sinayambe kuyaka bwinobwino. Palibe anaionapo. Muwaonetse amalume."

Mu Ogasiti ndinatsika kuchigwa pa njinga, masiku awiri. Ndinayamba kumanda. Panali posesedwa, koma pakati pokha, m'mbali masamba ali mbwee. Ndinamaliza. Kenaka ndinapita kwa Gideon. Njinga yake inali itatsamira khoma, tayala lakumbuyo lopindika ngati lichero.

Anagwira chithunzicho chozondoka. Ndinamutembenuzira. Anawerenga dzina la pansi mokweza, kawiri, n'kuitana Lillian ndi anthu a nyumba zitatu zoyandikana.

"Mwana wa mlongo wanga uyu," ankauza aliyense. "Nkhani yonseyi inayambira pa mpanda wanga wa nsomba. Funsani alamu awa. Kungoti sayankha."

Kumapeto kwa kalata Delia anali atapempha chinthu chimodzi: mchenga wakuda uja. Ankaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba, ndipo zitsulo zopera zimene amaonetsera mizere ya maginito kumeneko zinkachita dzimbiri ndi kumatana. Mchenga wa kwathu, anatero, umajambula bwino. Maginito anga aja Delia anapita nawo.

M'chitini cha zotsalira munali madayinamo atatu. Ndinali nditanyamula imodzi. Nditamaliza kuongola tayala la Gideon ndinaitsegula ndi pulayala, ndinabwereka chitini kwa Lillian, n'kutsikira kumtsinje wouma kuseri kwa mudzi.